Ulendo wa ku Bacolod: kodi chikhalidwe cha ku Negros ndi shuga basi?

Namwino_Wausiku analemba:

Moni nonse m'bwalo muno. Ndili ndi mnzanga wa kuntchito, namwino ngati ine, wa ku Philippines, ndipo akukamanga ukwati kwawo mwezi wa Okutobala. Wandiitana, tchuthi ndapempha ndipo andipatsa. Kwawoko ndi ku Bacolod, likulu la chigawo cha Negros Occidental. Ndikamufunsa zoti ndikaone amangoseka, n'kunena kuti kwawo chilichonse ndi shuga: nyumba ndi shuga, matchalitchi ndi shuga, ngakhale magule ndi shuga. Pa intaneti ndikupeza zithunzi za anthu ovala zigoba zomwetulira, zodzadza nthenga ndi mikanda, kenako nyumba zikuluzikulu zamakedzana, ina yopanda denga. Koma kuti zonsezi zikugwirizana pati, sindikuona.

Alipo pano amene anafikako? Ukwati ukadzatha ndidzakhala ndi masiku owerengeka chabe. Ndikaone chiyani kuti ndikawamvetse eni dera, osati kungojambulitsa n'kubwerera? Nanga zigoba zija n'za miyambo ya makolo? Sindikufuna kukachita manyazi kwa eni ake.

Mlimi_Wopuma anayankha:

Achemwali, mnzanuyo sakuchita nthabwala ayi. Ndinakhalako ku Negros pa maphunziro a zaulimi, tsitsi lisanayere chonchi, ndipo zomwe wanenazo mudzayamba kuziona ndege isanatere n'komwe. Bwalo la ndege lili ku Silay, makilomita ngati 15 kumpoto kwa Bacolod. Mukadzasuzumira pazenera mudzangoona nzimbe zokhazokha, kuchokera kugombe mpaka m'tsinde mwa mapiri. Shuga woposa theka wa dziko lonselo amachokera pachilumba chimenechi.

Nkhani yake imayamba mu 1855. Chisanafike chaka chimenecho Negros chinali chilumba cha nkhalango, anthu ake ochepa. Tsidya lina la nyanja, pachilumba cha Panay, kunali Iloilo, mzinda wa owomba nsalu. Amayi kumeneko ankawomba nsalu za thonje, za silika ndi za ulusi wa masamba a chinanazi. Mu 1855 atsamunda a ku Spain anatsegula doko la Iloilo kuti zombo za maiko ena zizifikako, ndipo chaka chotsatira kunabwera Mngelezi wina, Nicholas Loney, woimira Britain pa dokolo. Mkuluyu ankadya uku ndi uku. Ankabweretsa nsalu zotchipa za m'mafakitale a ku Manchester, zomwe zinapha ntchito ya amayi owomba aja. Ankabweretsanso makina ofinyira nzimbe, n'kumawapereka pangongole, iye yemweyo n'kumagula shuga wake. Mabanja a ndalama a ku Iloilo ataona kuti nsalu yafa, anawoloka nyanja n'kuyamba kugwetsa nkhalango za Negros, osauka n'kuwalondola pambuyo kudzagwira ntchito. N'chifukwa chake ku Bacolod amalankhula Chihiligaynon, chinenero cha ku Iloilo, pomwe kuseri kwa mapiri, mbali ya kum'mawa, amalankhula Chicebuano. Maina omwe mudzawaone pa misewu ndi pa nyumba, a Lacson, a Ledesma, a Jalandoni, a Locsin, mizu yawo ili tsidya lija.

Ndiye musadzafulumire kuchoka ku Silay. Katauni kameneka kali ndi nyumba zamakedzana za eni minda pafupifupi 30 zotetezedwa ndi boma, ndipo zambiri mungazione poyenda wapansi. Yoti mulowemo ndi Balay Negrense. Anaimanga mu 1897 ndi Victor Gaston, mwana wa Mfalansa wina, Yves Leopold Germain Gaston, yemwe anakhazikika ku Silay m'zaka za m'ma 1840 n'kukhala mmodzi mwa oyambitsa ulimi wa nzimbe wamalonda. Kuyambira 1990 ndi nyumba yoonetsera zakale. Banja linkakhala m'chipinda chapamwamba, ndipo mukakwera masitepe ake mudzamva mphepo ikukupitani m'miyendo, chifukwa kunsi kwa mazenera akuluakulu aja kuli timazenera tina tofika pansi, totsegula kukatentha. Makoma a m'kati safika kudenga ndi thabwa logonthera. Chakumwamba anawagoba maluwa obowoka kuti mpweya uzidutsa chipinda ndi chipinda. Amisiri amenewo ankadziwa kutentha kwa kwawo. Muli tebulo lalikulu lozungulira lomwe analembapo maina a zidzukulu ndi zidzukulutudzi za banjalo, ndipo alendo ambiri amaunjikana pamenepo. Ine ndinakhalitsa kukhitchini, kumbuyo, komwe kuli masimbi amakala ndi miphika, ndikuwerengera m'mutu kuti nyumba yotere inkafuna manja angati kuti ingosesedwa.

Tchalitchi cha San Diego chili pafupi pomwepo, cha denga lozungulira ngati chipanda chovundikira. Chinatha mu 1927, mapulani anajambula Mtaliyana Lucio Bernasconi, ndalama zambiri anapereka mwini minda Jose Ledesma. Mwaona, tchalitchi ndi shuga.

Nyumba yopanda denga ija ili ku Talisay, pakati pa Silay ndi Bacolod, amaitcha The Ruins. Anaimanga Mariano Ledesma Lacson pokumbukira mkazi wake Maria Braga, yemwe anamwalira ali woyembekezera. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, asilikali a m'tchire anaiyatsa dala kuti a Japan asaisandutse likulu lawo. Matabwa anapsa, konkire inatsala chilili. Oonetsa alendo adzakulozerani zilembo za M, za Mariano ndi Maria, zoumbidwa pa nsanamira, n'kukuuzani kuti mu simenti anathiramo zoyera za mazira. Ndi pokongola dzuwa likamalowa, koma kwa ine ola limodzi n'lokwana. Masiku ano ndi malo ojambulitsira akwati, mwinanso mnzanuyo adzakutengerani komweko osapempha.

Msewu womwe pali Balay Negrense dzina lake ndi Cinco de Noviembre, ndipo tsikulo, 5 Novembala, ndi tchuthi m'chigawo chonse. Mu 1898 eni minda anaukira Spain. Aniceto Lacson anatsogolera gulu lochokera kumpoto, Juan Araneta lochokera ku Bago kum'mwera, onse kulunjika Bacolod. Mfuti anali nazo zochepa, ndiye anapinda mphasa za nsungwi n'kuzipaka utoto wakuda kuti patali zioneke ngati mizinga, anthu n'kunyamula mapesi a kanjedza paphewa ngati mfuti. Bwanamkubwa wa Spain, Isidro de Castro, ataona chikhamucho anagonja mawa lake. Anthu a kumeneko amainyadira nkhaniyi kwabasi.

Koma mukanandipatsa malo amodzi okha oti ndikutumeni, ndikanakutumani ku Victorias, makilomita oposa 30 kumpoto kwa Bacolod. Kuli fakitale yaikulu ya shuga yomwe anaiyambitsa Miguel Ossorio mu 1919, ndipo m'kati mwa mpanda wake muli katchalitchi ka Yosefe Woyera Wantchito, komangidwa pakati pa 1948 ndi 1950. Kunja sikaoneka kanthu, konkire basi. Mukalowa, khoma lonse la kuguwa ndi chithunzi cha Yesu, chojambulidwa ndi Alfonso Ossorio, mwana wa mwini fakitale. Si Yesu wofatsa wa pa kalendala uja. Maso ake ndi otong'oka, manja otambasula khoma lonse, mtima ukuyaka moto pachifuwa, utoto wake wofiira ndi wachikasu, ndipo m'mbali mwake muli manja awiri akuluakulu a Atate akumuchirikiza. Anthu anangomutcha Khristu Wokwiya, ngakhale nkhani ya chithunzicho ndi chiweruzo chomaliza. Mukakhala pa benchi iliyonse amaoneka kuti akuyang'ana inuyo. Zosema za Mariya ndi Yosefe anasema mmisiri wa komweko, Benjamin Valenciano, ndipo anawapatsa khungu lodera ndi zovala za Chifilipino, chinthu chomwe nthawi imeneyo sichinali chachizolowezi m'matchalitchi. Zithunzi zina za pamakoma anazipanga mayi wina waluso, Ade Bethune, polumikiza tizidutswa ta mabotolo osweka. Ndinalowamo masana, fungo la manyuchi a nzimbe likuchokera ku fakitale kulowa pazenera, ndipo ndinadzifunsa kuti mwana wa bwana ankaganiza za ndani pojambula nkhope yotereyi pamalo opemphereramo antchito a bambo ake.

Tsono zigoba. Musade nkhawa, si za mizimu kapena chinamwali, mukhoza kugula chanu n'kuvala. Chikondwererocho amati MassKara ndipo chinayamba mu 1980, chaka chomwe mzinda unali pa maliro. Mtengo wa shuga unali utayamba kusokonekera, makampani a zakumwa ku America akusinthira ku zotsekemera zochokera ku chimanga. Ndiye pa 22 Epulo chaka chomwecho sitima ya pamadzi ya Don Juan, yochokera ku Manila kupita ku Bacolod, inawombana ndi sitima yonyamula mafuta n'kumira, mabanja ambiri a mumzindamo n'kutaya abale. Akuluakulu a mzinda ndi akatswiri a zojambula anagwirizana zoti anthu atuluke m'misewu ndi nkhope zomwetulira. Amachichita mu Okutobala chifukwa pa 19 mwezi umenewo ndi tsiku lomwe kunachitika mwambo wokhazikitsa Bacolod kukhala mzinda mu 1938. Madera a mumzinda amapikisana kuvina, usiku mumsewu wa Lacson mumadutsa ovina ovala magetsi. Mwakhoza mwezi.

Chikwanje_Chakuthwa anayankha:

A Mlimi, mwalemba bwino ndipo zaka zanu n'zoona, koma mwayenda kwambiri m'zipinda zapamwamba. Munafika kukhitchini n'kubwerera, osatulukira kumunda. Ine ndakulira m'mabungwe a anthu apantchito, ndipo dzina la Negros kwa ife silikumbutsa nyumba zokongola.

Achemwali, minda ikuluikulu kumeneko amaitcha hacienda. Antchito ake ali pawiri. Pali a dumaan, okhala pamunda pomwepo mibadwomibadwo, m'nyumba yoima pa malo a bwana. Akachotsedwa ntchito achotsedwanso pokhala. Amene munamva za thangata simuvutika kumvetsa. Kenako pali a sacada, odula nzimbe obwera nyengo yokolola yokha, ambiri ochokera ku Antique pachilumba cha Panay. Amawalemba ndi kontrakitala yemwe amayamba wawapatsa ndalama yosiyira banja, moti munthu amafika pamunda ali kale pangongole. Malipiro amawerengera matani omwe adula n'kupakira, mtolo wa nzimbe paphewa, kukwera pathabwa lopendekera mpaka m'lole. Pochotsa ngongole, chakudya ndi ulendo, ena amabwerera kwawo m'manja muli mbee. Kukolola kukatha, cha mu Epulo kapena Meyi, imabwera nyengo yomwe eni ake amaitcha tiempo muerto, nyengo yakufa, miyezi ingapo yopanda ntchito mpaka zigayo zidzayambenso. Nzimbe sadyera nsima, ndipo pamunda wa mwini sungadzalepo chinangwa chako popanda chilolezo.

Chuma chomwe chinamanga nyumba zambiri za ku Silay chinachokera ku America. Kuyambira 1909 shuga wa ku Philippines ankalowa kumeneko mosavuta, ndipo mu 1934 anapatsidwa mlingo wake wotsimikizika pamtengo wabwino. Eni minda sanaone chifukwa cholimira mbewu ina. Mgwirizano wa zamalondawo unatha mu 1974. Boma la Ferdinand Marcos linaika kugula ndi kugulitsa shuga yense m'manja mwa bungwe lotsogozedwa ndi mnzake wa pamtima, Roberto Benedicto. Pamsika wa dziko lonse mtengo unagwa kuchoka pa masenti a ku America oposa 60 pa paundi imodzi ya shuga mu 1974 kufika pansi pa masenti 5 mu 1985. Eni minda ambiri anangosiya kulima, antchito n'kutsala opanda ntchito, opanda munda. Mu 1984 ndi 1985 kunagwa njala, ana otupikana a ku Negros n'kutuluka m'nyuzi za maiko akunja. Njala pa nthaka yachonde chonchija!

Bishopu wa Bacolod nthawi imeneyo, Antonio Fortich, ankachenjeza kuti chilumbachi ndi phiri lamoto lomwe lidzaphulika tsiku lina, ndipo sankanena za Kanlaon, phiri lamoto lenileni la pachilumbapo. Papa Yohane Paulo Wachiwiri atafika ku Bacolod mu Febuluwale 1981 analankhula za ufulu wa antchito, eni minda ali pompo. Pa 20 Seputembala 1985, ku Escalante, asilikali anawombera khamu la antchito, asodzi ndi ophunzira omwe ankachita zionetsero, anthu 20 n'kufa. Lamulo logawa minda linabwera mu 1988, koma ku Negros layenda ngati nkhono. Mu Okutobala 2018, ku Sagay, anthu 9 ogwira ntchito m'minda ya nzimbe anaphedwa usiku pa munda womwe ankafuna kulimapo chakudya. Si nkhani yamakedzana imeneyi.

Za mizinga ya mphasa zija n'zoseketsa ndithu, koma malizani nkhaniyo, a Mlimi. Eni minda omwewo, patangopita miyezi yochepa, mu 1899 analandira America ndi manja awiri, chifukwa ankafuna wowatetezera minda ndi msika. Amene anapitiriza kumenya nkhondo anali Papa Isio, mtsogoleri wa chipembedzo cha makolo, ndi anthu ake osauka a m'mapiri a Kanlaon, omwe ankayatsa ma hacienda. Anadzipereka mu 1907 n'kufera m'ndende ku Manila mu 1911. Nyumba yake yoti alendo alipire pakhomo ili kuti?

Ndiye zigoba zomwetulirazo ine zimandiwawa. Anthu ali ndi njala, inu n'kuwapatsa nkhope ya pepala yoseka.

Khukhi_wa_mSitima anayankha:

Abale, mlendoyu akupita ku ukwati, musamuthawitse njala isanamugwire. Ine ndimaphika m'sitima ya pamadzi, ndipo anzanga ambiri m'khitchini ndi a ku Bacolod ndi Iloilo. Tikakocheza amaphika zakwawo, ndiye ndalawa ndithu.

Choyamba ndi inasal, nkhuku yootcha. Amaiviika mu viniga wa kokonati, timandimu tating'ono ta kalamansi, jinja, adyo ndi udzu wonunkhira ngati ndimu. Poiotcha pa makala amaipaka mafuta ofiiritsidwa ndi njere za atsuete. Siitsekemera ayi, n'zodabwitsa kwa dera la shuga. Mumaitanitsa chiwalo chomwe mukufuna, chidali, ntchafu, phiko, ngakhale chinyophiro, chobayidwa pa kamtengo ka nsungwi. Pa mpunga thirani mafuta a nkhuku aja ndi adyo wokazinga, sambani m'manja, foloko isiyeni.

Kenako kansi, msuzi wa mwendo wa ng'ombe, fupa lake lodzadza mafuta, wowawasa ndi chipatso chobiriwira cha batuan chomwe ophika a chigawo chimenecho sachisiya. Palinso chomwe amangochitcha KBL: nandolo, nkhumba ndi chipatso cha langka (jackfruit) chosapsa, batuan yemweyo. Mnzanga wina akachiphika amakhala chete mpaka mbale itatha.

Za shuga ndiye zosayamba. Piaya ndi kachikondamoyo kaphwatalala, m'kati muli shuga wofiirira wa muscovado, kunja chitowe, kootcha pa chiwaya chouma. Kadyeni kotentha, shuga akadali wosungunuka, koma samalani lilime. Muscovado ndi madzi a nzimbe owiritsa n'kuvundula mpaka atauma, osayeretsa, mmene ankapangira mafakitale akuluakulu asanabwere. Ku Silay kuli bekale yakale ya El Ideal, yoyambira m'ma 1920, yotchuka ndi payi wa gwafa. Ku Bacolod gulani napoleones, timakeke ta magawomagawo tokhala ndi kasitadi.

A Chikwanje, mwati osauka alibe nyumba yoonetsa alendo. Mphika wa nandolo uja ndi wa ndani?

Namwino_Wausiku anayankha:

Zikomo nonse, sindinayembekezere zochuluka chonchi. Usiku wathawu odwala atagona ndinamufunsa mnzanga uja za a sacada. Anakhala kaye chete, kenako anandiuza kuti agogo ake aamuna anachokera ku Antique kudzadula nzimbe ndipo sanabwererenso, mayi ake anamuphunzitsa sukulu ndi ndalama ya piaya. Takhala tikugwira ntchito limodzi nthawi yaitali, koma izi anali asanandiuzepo. Ananenanso kuti iyeyo ali mwana anavinako MassKara ndi gulu la dera lawo, ndipo mpaka pano amasunga chithunzi chake.

Ndiye a Mlimi ndi a Chikwanje, mwandisiya pamphambano. Ndikalowe m'nyumba za eni minda zija kapena ndikhala ngati ndikunyoza agogo a mnzanga? Nanga nkhani zimenezi n'zoti munthu angazifunse pa ukwati? Mundiuzekonso za ulemu wa kumeneko, polonjera akuluakulu.

Mlimi_Wopuma anayankhanso:

A Chikwanje, palibe chomwe mwanama, ndipo za Papa Isio mwachita bwino kuzitchula. Pomwe tikusiyana ndi pa zigoba. Amene amavina m'misewu muja si ana a eni minda. Eni minda amaonerera ali pamthunzi. Ovina ndi ana a m'makomboni, onga mnzawo wa achemwaliwa, omwe amayeserera miyezi yathunthu madzulo aliwonse, azimayi awo akusoka mikanda mpaka usiku. Ndinakhalapo pa bwalo lina la basiketibo ndikuonerera akuyeserera, mvula ikuwaza, mphunzitsi wawo akukalipa ndi wenzulo pakamwa, kamnyamata kena katavala katoni kumutu kuti kazolowere kulemera kwa chigoba. Kuwauza ana amenewo kuti akunamizidwa, ine pakamwa pangandilemere. Chinayambitsidwa ndi akuluakulu, inde, koma eni ake tsopano ndi iwowo.

Achemwali, kalowenimo m'nyumbazo. Matabwa aja anacheka ndi kupala ndi amisiri wamba, ndalama yake inachokera pa mapewa a anthu onga agogo a mnzanuyo. Ngati alipo woyenera kukwera masitepe amenewo ndi mdzukulu wawo, inu muli pambuyo pake.

Ndipo za antchito zilipo zoti muone, kungoti sazilemba pa zikwangwani zikuluzikulu. Kupitirira Victorias pang'ono kuli Manapla, komwe pa Hacienda Rosalia pali katchalitchi komangidwa ndi mawilo a ngolo zakale. Anakamanga wansembe wa banja lomwe lija la Gaston, Guillermo Gaston, m'zaka za m'ma 1960, kuti antchito azipempheramo pakati pa zinthu zomwe amazidziwa. Makoma ake ndi mawilo, Yesu wapachikidwa pa wilo, zoikapo makandulo ndi mitondo. Mbali zake n'zotseguka, nkhuku zimangodutsa. Ku Escalante chaka chilichonse pa 20 Seputembala anthu amachita sewero la zomwe zinachitika mu 1985, pamalo pomwepo. Inu mudzafika litadutsa, koma chipilala chake chilipo. Ku Bacolod kuli Negros Museum, pafupi ndi nyumba ya boma la chigawo, komwe mudzaone zipangizo za ulimi wa nzimbe. Ku Silay, fakitale ya Hawaiian-Philippine, yomwe inayamba mu 1918, imadziwika ndi masitima ake akale oyendera nthunzi omwe ankakoka nzimbe pa tinjanji ting'onoting'ono. Ankawasonkhezera ndi zotsalira za nzimbe zofinya zomwezo. Mukapeza nkhalamba yoimba, ipempheni composo, nyimbo zofotokoza nkhani zomwe anthu wamba amapeka pakachitika ngozi, kuphana kapena chikondi chosatheka. Simudzamva mawu ake, koma mnzanuyo adzakumasulirani.

Komanso Okutobala ndi nthawi yomwe zigayo zayamba, ndiye pamsewu wopita kumpoto mudzakumana ndi malole odzadza nzimbe mpaka kupendama. M'minda mudzaona odula atakulunga nkhope ndi malaya, manja aatali ngakhale dzuwa likuswa mtengo, chifukwa masamba a nzimbe amacheka khungu. Musawajambule ngati nyama za kumalo osungirako, pemphani kaye.

Pa ukwati, mlomo usungeni. Simudziwa amene wakhala pafupi nanu: m'banja limodzi mukhoza kupezeka kapitawo wa pa hacienda, msilikali ndi wa bungwe la antchito, ndipo nkhani ya minda yaphetsa anthu posachedwapa. Akayamba okha, mverani. Pa ulemu, munthu wachikulire mukamulonjera tengani dzanja lake n'kuligunditsa pamphumi panu mutawerama pang'ono. Agogo amakondwa kwambiri mlendo akatero. Wamkulu kwa inu musamutchule dzina lokha, yambani ndi Manang ngati ndi mayi, Manong ngati ndi bambo, ndipo agogo ndi Lola ndi Lolo. Sungani ma peso a mapepala, chifukwa m'maukwati ambiri akwati akamavina anthu amawamata ndalama pa zovala ndi mapini. Akakupatsani chakudya musakane, ngakhale mwakhuta, landirani pang'ono.

Malo ogona sungitsiranitu pano, sabata ya MassKara mzinda umadzadza. Muzitsatiranso nkhani za phiri la Kanlaon. Linaphulika mu Juni ndi mu Disembala 2024, ndipo likatulutsa phulusa maulendo a ndege amatha kusokonekera.

Namwino_Wausiku anayankha:

Ndamva, bambo. Ndasungitsa usiku umodzi ku Silay, ndipo mnzanga wati mng'ono wake adzandiperekeza. Funso lomaliza: ku Victorias ndi Manapla n'kotheka tsiku limodzi popanda galimoto yangayanga?

Mlimi_Wopuma anayankha:

N'kotheka. Mabasi achikasu a Ceres opita kumpoto amadutsa mu Silay momwemo, ndipo Victorias ndi Manapla zili pamsewu umodzi. Mukatsika, tengani njinga yamoto ya kangolo kumbali, mugwirizane mtengo musanakwere, ndipo muuzeni akudikireni, chifukwa matchalitchi onse awiri ali m'kati, kutali ndi msewu waukulu. Ku Victorias pachipata pali alonda a fakitale, auzeni kuti mukupita ku tchalitchi, ndipo chiphaso chikhale m'chikwama. Yambani ndi Manapla m'mawa kusanatenthe, Victorias pobwerera. Ambulera musaiwale, Okutobala kumeneko mvula ikadagwa.